Tsiku Limene Lole ya Thonje Inasiya Amayi

Amayi anga anali ndi nthenda ya nsidze. Nsidze zawo zinkapindikira mkati n'kumakanda diso ngati minga, moti m'mawa uliwonse ndisanapite kukatunga madzi ndinkawakhazika pakhonde, mutu wawo pamiyendo panga, n'kumazula nsidzezo imodziimodzi ndi kambaniro kachitsulo kamene malume adatisulira. Ndikamazula ankanditukwana. Amene amati anthu akale onse anali oleza mtima sanakumane ndi amayi anga.

"Iwe, ukuzula nsidze kapena ukukumba mbatata?"

Ndikamaliza ankanunkha fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kulengeza kuti tsopano akuziona bwino mbuzi za eni zikudya nandolo wathu. Koma nsidzezo sizinkachedwa kumeranso, zolimba kuposa zoyamba, ndipo m'maso mwawo munayamba kuchita mtambo. Diso lamanzere linali litapita kale. Lamanja ndi limene linatsala, ndipo limenelo ndi lomwe tinkalimbirana ndi nthendayo.

Tinkakhala kufupi ndi Kasinje, kuchigwa kotentha kumene anthu ankalima thonje. Inali nthawi ya boma la Angerezi, nkhondo yaikulu ija itangotha. Bambo anga anali atachona ku Halale ine ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinali awiri, mpaka pamene ndinakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kandeu amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Anabwera kudzapuma, anandiona kutchalitchi, ndipo mvula isanagwe ankhoswe anali atamaliza zonse. Analowa chikamwini pamudzi pathu. Nyumba yathu anaimanga kumapeto kwa bwalo, khomo lake kuloza kutchire, kuti potuluka asamakumane maso ndi apongozi awo.

Mwambo umenewu kwathu sunali wamasewera. Mkamwini ndi mpongozi sankayang'anana, sankadyera pamodzi, sankakhala mphasa imodzi. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'maudzu n'kutembenuka mpaka mnzake adutse. Akafuna kulankhulana, mawu ankadzera mwa ine, ngakhale onse ali pabwalo lomwelo, wina kuseri kwa nkhokwe wina pakhonde. "Uwauze akamwini kuti khola la nkhuku lagwa." "Muwauze amayi kuti ndamva." Zinkatha pokhapokha mwana woyamba akabadwa, pamene mkamwini ankapereka nkhuku kwa apongozi, ndipo kuyambira pamenepo ankatha kupatsana moni chapatali. Ife mwana tinalibe. Amuna anga ankasunga mwambowu bwino lomwe, ndipo amayi, amene sankayamikira munthu wamba, ankauza anzawo kuti mkamwini wawo ndi woleredwa bwino.

M'nyengo ya msika wa thonje, mphunzitsi wa kutchalitchi analengeza kuti kuchipatala cha mishoni, kufupi ndi njanji cha kummwera, kwabwera dokotala wocheka zikope. Ankati amatembenuza chikope n'kuchisoka kuti nsidze ziziloza kunja, koma sakhalitsa, akungodutsa. Sitima yopita kumeneko inkaima pa Sharpevale, ndipo sinkadutsa tsiku ndi tsiku. Tsoka ilo, sitima imene tinayenera kukwera ndi amayi inali yomweyo imene amuna anga ankabwerera nayo ku Joni, pamodzi ndi anzawo awiri a ku Kandeu.

M'sitima munalibe vuto, mabogi ndi ambiri. Vuto linali kukafika kusiteshoni. Panali lole imodzi yokha imene inkatuta matumba a thonje kuchokera pamsika wathu kupita ku Sharpevale, ndipo anthu ankakwera pamwamba pa matumbawo. Malume anakonza nkhaniyo mosavuta. Anati anyamata alawire wapansi, poti miyendo yawo ndi yamphamvu, ndipo masutikesi awo tiwatengere ife palole. Aliyense anavomera.

Koma dzulo lake kunali mowa wotsanzikira, ndipo anzawo aja anaumwa ngati mawa kulibe. Sanalawire. Ine sindinadziwe, chifukwa amuna anga anatuluka m'nyumba kukadali mbandakucha kukawadzutsa, ine n'kumati apita. Ndinazula amayi nsidze, ndinamanga kaphukusi ka ufa ndi kamphika, n'kuwatenga pang'onopang'ono mpaka kumsika. Tinapeza lole itadzaza kale, injini ikulira, dzuwa litakwera ndithu. Ndinauza amayi kuti aime pambali ndikwere kaye ndiike katundu, kenaka ndiwakoke.

Nditafika pamwamba ndinangoti kakasi. Kuseri kwenikweni kwa mutu wa lole, pamene matumba anasiya kadzenje kabwino koti munthu n'kukhala osagwa, panali anyamata atatu atatambalala, ndipo wapakati anali amuna anga. Anavala jekete lawo lamizeremizere, chipewa, ndi nsapato zatsopano zofiira. Mnzawo wina, wamtali wa dzino lagolide, anali ndi ndudu pakamwa. Wina wamfupi anafungatira konsatina, chida choimbira chimene amachikoka ndi kuchifinya ndi manja. Anthu ena onse, amayi a ana kumsana ndi madala wina wa dengu la nkhuku, anapanikizana kumapeto kwa matumba kumene munthu amagwira chingwe ndi manja onse. Wa dzino lagolide uja anali atangokankha dengu la madalawo ndi phazi, akuti nkhuku zimuipitsira buluku.

Amayi pansipo anamva mawu a mkamwini wawo. Sanafunse munthu. Anatembenuka, anafunda nsalu kumutu, n'kugwada m'mbali mwa msewu kuyang'ana kutchire.

Amuna anga anachita manyazi, zimenezo ndiwachitira umboni. Anavula chipewa, anaimirira, n'kuponya mwendo umodzi kunja kwa lole. Akanatsika n'kuthamanga opanda katundu, sitima akanaipeza, chifukwa munthu woboola miyala sangalephere kamtunda kameneko. Aliyense palolepo ankadziwa zimenezo.

"Ukupita kuti iwe?" anafunsa wa dzino lagolide.

"Ndiyenda pansi. Amayi akwere."

"Ha! Tamuonani kapolo wa chikamwini! Ku Joni umalowa pansi pa dziko osaopa, kuno ukuthawa nkhalamba yosaona n'komwe?" Kenaka anasuzumira pansi n'kukuwa kuti msika wonse umve. "Magogo! Kwerani! Mkamwini wanu akukokani dzanja. Malo akachepa mukhala pamiyendo pake, si mlendo ayi!"

Wa konsatina anaseka mpaka kutsokomola, n'kuliza chida chakecho. Amayi a ana kumsana aja anagwira pakamwa. Mawu otero kunena kwa mpongozi, pagulu, kunali kumuvula. Ndinaona msana wa amayi ukuuma pansi pa nsalu.

Apa ndi pamene dzanja langa linachita zake. Ndinali nditagwada pathumba pafupi ndi amuna anga, ndipo ndinagwira mpendero wa jekete lawo n'kukokera pansi. Sindinakoke mwamphamvu. Ndinangogwira, monga mmene umagwirira mwana kuti asayandikire moto, ndipo iwo anayang'ana dzanja langalo, anayang'ana anzawo, n'kubweza mwendo uja mkati.

Zifukwa ndinali nazo, zonse zopusa. Munthuyo ankapita kwa zaka, ndipo ndinafuna kukhala naye pafupi kanthawi kotsalako. Ndinaganizanso za nsapato zofiira zija m'fumbi la chigwa chathu cha Bwanje. Ndipo, kunena mosabisa, zinkandikomera kuti atsikana anzanga apamsika andione ndili pamwamba pa lole pambali pa mwamuna wa jekete. Mumtima ndinkati amayi agonja, akwera n'kukhala kumapeto atafunda nsalu, lero lokha, poti diso ndi lawo. Ndinakhala nawo zaka zonsezo koma ndinali ndisanawadziwe.

Dalaivala anali bambo wachikulire wachisilamu, wa kofia yoyera, wochokera cha ku Balaka. Kutsogolo kunali kodzaza kale ndi kalaliki wa thonje ndi mesenjala wake. Bamboyo anatsika, anapita kwa amayi n'kunjuta pambali pawo.

"Mayi, tiyeni. Sitima sidikira munthu."

Atatero anayang'ana kumwamba. "Ana inu, kodi munachita kuphulika pamwala? Mulibe amayi anu? Mmodzi atsike, mayiwa akwere."

Wa dzino lagolide anamuyankha m'chilankhulo chawo cha kumigodi, mawu amene sindinawamve koma tanthauzo lake linaoneka pankhope ya dalaivala. Kalaliki anayamba kuliza hutala, akuti thonje likaphonya sitima mlandu ukhala wake.

Amayi analankhula osatembenuka, mawu awo ali phee. "Pitani, bambo, zikomo. Lole imandichititsa nseru ine. Miyendo ndili nayo."

Amayi anali asanakwerepo lole chibadwire.

Apo ndinayenera kudumpha. Ngakhale ndinali nditalakwa kale, ndikanatsika n'kuwagwira dzanja, tikanayenda limodzi. M'malo mwake ndinakuwa kuti, "Amayi, ine nditsogole ndikagule matikiti! Ndikawauza a sitima akudikireni!" Akulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinaiviikadi pamaso pa msika wonse. Lole inanyamuka, fumbi lake n'kuwakuta amayi ali chigwadire.

Ulendo umene ndinaubera amayi uja sindinaudyerere n'komwe. Wa konsatina anapeka kanyimbo ka nkhalamba imene inaopa mkamwini kuposa khungu, ndipo mnzake ankavomera akuwomba m'manja n'kumapemerera utsi kwa madala a nkhuku. Titadutsa amayi ena atasenza mitolo ya nkhuni, anawaponyera chotsalira cha ndudu n'kuwaimbira likhweru. Amuna anga sanaimbe nawo, koma sanawaletsenso. Anakhala chipewa chili pamaondo, maso kuphiri. Amayi a ana kumsana aja anandifulatira onse. Mmodzi anati kwa mnzake, mokweza ndithu kuti ndimve, "Kubala n'kutaya, anzanga." Ndinafuna kumuyankha, pakuti pakamwa ndinatengera amayi, koma ndinangoweramitsa mutu.

Pa Sharpevale ndinagula matikiti awiri. Ndinaima pamene msewu wathu umatulukira, n'kumayang'ana ngati kuyang'anako kungafupikitse njira. Sitima itamveka kulira chapatali ndinathamangira bambo wa yunifolomu amene ankagwira mbendera, ndinagwada, n'kumupempha kuti aiimitse pang'ono chifukwa amayi anga odwala maso ali m'njira. Sanandinyoze. Anangoti, "Mwana wanga, iyi si ngolo."

Amuna anga anakwera. Sitima itayamba kugwedezeka anatulutsa mutu pawindo n'kundiponyera chipewa chija. "Mukawapatse amayi, dzuwa lisamawalase m'maso. Muwauze kuti ndalakwa." Anzawo anali kale mkati akukangana ndi anthu za mipando, ndipo phokoso la konsatina ndinalimva mpaka sitima itakhota.

Ndinabwerera ndi msewu womwewo wapansi, kaphukusi kumutu, chipewa m'manja. Amayi ndinakumana nawo dzuwa litapendeka, asanafike ndi theka lomwe la njira. Anali atathyola kamtengo kuti kakhale ndodo. Penapake anagwera m'ngalande, chifukwa maondo onse anali magazi osakanikirana ndi dothi, ndipo diso lamanja lija linali lofiira ngati nyama, misozi ikungoyenderera. Nditawaitana anaima.

"Matikiti wagula?"

"Ndagula, amayi."

"Nanga a sitima akundidikira?"

Ndinayamba kulira. Iwo anati ndisiye, madzi a m'maso ndi ofunika, ndisawataye pachabe. Nditawapatsa chipewa anachinunkhiza, anamva mafuta a m'tsitsi la mkamwini wawo, n'kuchikankha ngati chili ndi moto. "Wapenga? Chotsa icho!" Za uthenga wa kupepesa anangoti amva.

Tinagona kwa achibale pafupi ndi siteshoni kudikira sitima yotsatira. Titafika kuchipatala cha mishoni tinapeza anthu ambiri atakhala pakhonde ndi nsalu zoyera m'maso, osokedwa kale, achibale awo akuwadyetsa phala. Wothandiza adokotala anatiuza kuti mwini ntchito wapita dzana, ndipo iye kucheka chikope sangayerekeze. Anawathira amayi mankhwala, n'kunena kuti tidzamvetsere chaka chamawa. Amayi anafunsa mayi wina wosokedwa ngati zinapweteka. Mayiyo anati zinapweteka kwambiri, ndipo amayi anati, "Chabwino, ndiye ndapulumuka." Anaseka okha.

Chaka chotsatira dokotala anabweradi, ndipo ulendo uno tinapita bwinobwino, amayi atakhala m'kadzenje kaja kuseri kwa mutu wa lole, opanda nseru iliyonse. Dokotala anawatsegula chikope, anayatsa kanyali, n'kupukusa mutu. Anati nsidze angathe kuzikonza kuti zisamapweteke, koma mtambo wakuta diso lonse, ndipo umenewo alibe nawo mankhwala. Anati tikanabwera kale. Womasulira atanena mawu amenewo m'Chichewa ndinayembekeza kuti amayi anditembenukira, koma anangopempha fodya wawo. Zikope anawasokadi, koma kuona sanaonenso.

Chimene chinkandisautsa n'chakuti za tsiku lija sanazitchulenso. Ankanditukwana pa zina zonse monga kale, mchere ukachuluka, madzi osamba akazizira, ndikawatsogolera n'kuwagunditsa pachitsa. Koma za lole ayi. Pamudzi mlandu wonse unagwera wa dzino lagolide uja, amene sanabwererenso kwawo, ndi amuna anga, amene anthu ankati Joni wawaononga. Malume anafika pofuna kuthetsa ukwati. Ine ndinkangomvetsera. Dzanja lija linali pansi, pakati pa matumba, ndipo ndinkadzitonthoza kuti palibe analiona kupatula mwini jekete. Amayi anali chifulatire, atafunda nsalu, ndi diso limodzi lamtambo. Ndinkadziuza zimenezi kawirikawiri, makamaka m'mawa ndikaona kambaniro kaja kali pakhoma kopanda ntchito.

Amuna anga pochoka anandisiya ndi pakati, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwa iwo ali ku Joni. Amayi anamudziwa mdzukulu wawo ndi zala zokha. Bambo ake atabwerako, mwana akuyenda kale, ankhoswe anati tsopano nkhuku iperekedwe kuti mkamwini ndi mpongozi azipatsana moni. Anagula tambala wamkulu woyera, malume n'kupita naye. Amayi anamusisita tambalayo, anayamikira kunenepa kwake, n'kumubweza. "Muwauze akamwini adye okha. Ine tinazolowerana kale chonchi."

Bambo a mwana wanga zinawapweteka, koma sanadandaule. Ku Joni sanapitenso. Anawamangira amayi nyumba yatsopano, anamanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi kuti azigwira poyenda, ankawalimira munda, zonsezo osayandikira. Usiku wina ndinawafunsa chifukwa chimene sanauze malume za dzanja langa, ndipo anati mwendo unali wawo.

Tsiku lina Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, ine patsogolo ndi ndodo, amayi pambuyo atagwira nsonga inayo, tinalowa kanjira kopapatiza ka pakati pa minda. Kutsogolo kunamveka nsapato. Zinali zofiira zija, zitakalamba, ndipo zinkalira mwa mtundu wakewake. Amayi anazizindikira ine ndisanadzutse n'komwe mutu. Anasiya ndodo, anapatuka, n'kulowa m'thengo mmene munali minga ya kankhande yokhayokha. Nsalu inakodwa, miyendo inakandika, koma anapitirira mpaka anagwada n'kufulatira njira. Bambo a mwana wanga nawonso anali atapatukira mbali inayo, chipewa m'manja, moti njira inatsala yopanda munthu, ine ndekha nditaima pakati ndi ndodo.

Mtima unandiwawa, ndipo ukandiwawa ndimakalipa. Amuna anga atadutsa chozemba ndinalowa m'mingamo n'kuyamba kuwatola amayi, ndikuwazula minga m'miyendo.

"Amayi, n'chiyani chimenechi? Mudzivulaza chifukwa chiyani? Munthuyo simukumuona n'komwe! Simungamukhululukire? Zaka zonsezi akukugwirirani ntchito ngati bulu!"

"Akamwini ndinawakhululukira kalekale," anatero. "Amene uja ndi mwana wa eni, ndipo mwendo anali atauponya kale kunja."

Ndinasiya kuzula.

"Ukudabwa chiyani? Pamene anati ayenda pansi ndinasuzumira pansi pa nsalu, kuti ndione ngati watsikadi ndiimirire. Nthawi ija ndinkaonabe pang'ono, mwanawe. Dzanja lako ndinaliona."

Anapapasa pansi kufuna ndodo, ndipo nditawapatsa anaimirira n'kukonza nsalu yawo.

"Nkhuku ija ndikanalandira, malume ako akanafuna nkhani yonse ikambidwe pabwalo, ndipo ine pabwalo sindinama. Tiye, mwana ali ndi njala kunyumba."

Ndinagwira nsonga yanga ya ndodo n'kutsogola. Titayenda pang'ono anandiuza kuti ndikuthamanga, ndichepetse.